Lupanga la Paulo Woyera si la nkhondo

Abale atsogoleri a makalasi, ambiri mwa ife timaphunzitsira m'kacalici momwe mwapacikidwa kalendala ya oyera mtima. Tiyeni tiiyang'ane bwino, pakuti ili ndi zokoma zake ndi zoperewera zake.

Cokoma ncakuti ojambula asunga mwambo wakale. Petulo wagwira makiyi, monga timawerengera pa Mateyu 16:19. Marko ali ndi mkango, Luka ng'ombe, Yohane ciombankhanga. Ofera cikhulupiriro anyamula nthambi ya kanjedza, cizindikiro ca kupambana ca pa Cibvumbulutso 7:9. Kale ku Ulaya anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, ndiye woyera ankamudziwira pa cinthu ca m'manja mwake. Ca m'ma 600 Papa Gregorio Wamkulu analembera Serenus, episkopi wa ku Marseille amene ankaphwanya zithunzi, kumuuza kuti cithunzi cimathandiza osadziwa zilembo monga buku lithandizira odziwa.

Coperewera ncakuti makalendalawa amangoika dzina ndi tsiku, osamasulira kanthu. Taonani Paulo ndi lupanga lake. Munthu amene anagona m'chire pothawa nkhondo ija inatha mu 1992 akaliona aganiza ciani? Ati uyu ndi msilikali basi. Pamene zoona zake nzakuti lupangalo ndi cida cimene anamudulira naco mutu ku Roma. Cimodzimodzi Lorenzo Woyera, amene anaphedwa mu 258: citsulo cootcera cili pambali pakeco cikumbutsa imfa yake monga mwambo umaifotokozera. Woyera amagwira cimene cinamupha, osati cimene anaphera ena. Nanga duwa loyera la Yosefe ndi la António wa ku Lisboa? Limanena za kuyera mtima, koma m'midzi mwathu silidziwika, ndipo popanda wofotokoza lingooneka ngati cokongoletsera. Cithunzi cosamveka sicicedwa kusanduka cithumwa ca m'thumba.

Kalendala musaicotse ai. Ingoonjezerani cimene osindikiza anaiwala. Lozani cithunzi, funsani ophunzira cimene akuona, alankhule kaye, kenaka lembani pa bolodi: lu-pa-nga, ka-nje-dza, mo-to. Pa mau akuti moto asimbireni za Karoli Lwanga, amene anatenthedwa ku Namugongo, ku Uganda, pa 3 Juni 1886. Agogo akabwerera kwao tsiku limenelo adzakhala atawerenga kawiri: zilembo ndi cithunzi comwe.