Kuweta Anthu 40 Osawaona Nkhope

Pamene kampani ya Blizzard inatulutsa masewera a pa intaneti a World of Warcraft mu 2004, gulu lofuna kugonjetsa Ragnaros, chilombo chamoto cha m'phanga la Molten Core, linkalowa ndi osewera 40 nthawi imodzi. Aliyense ali kwawo pa kompyuta yake, wina wangoweruka kuntchito, wina mwana akumulirira kuchipinda. Wosonkhanitsa anthu onsewa ndi mtsogoleri wa gulu lawo, lotchedwa guild, ndipo ndiye ndikufuna kumuombera m'manja.

Ntchito yake yambiri imachitika nkhondo isanayambe. Amakonza masiku okumana, amawerenga ngati ochiritsa akwana, amasakasaka wolowa m'malo mwa tank, wosewera wotchinjiriza anzake, yemwe intaneti yamudukira. Koma pomwe pamavuta zedi ndi pogawana zofunkha. Chilombo chikafa chimasiya zida zowerengeka, pomwe aliyense akuziyang'ana ndi diso lofiira. Magulu ambiri amaswekera pamenepa. Osewera EverQuest, masewera omwe anatuluka mu 1999, ndiwo anayambitsa DKP, mapointi omwe munthu amapeza akamabwera mokhulupirika n'kudzagulira chida chomwe akuchifuna. Komabe mapointi sachiza nsanje. Mtsogoleri amachezera pa pulogalamu yolankhulirana ya Discord kutonthoza mnzake amene waphonya lupanga lomwe wakhala akulidikira miyezi itatu.

Gulu lonse likaphedwa kachisanu motsatizana, mawu ake ndi omwe amamveka m'makutu, odekha ndithu: tiyeni tibwererenso, ochiritsa imani kumanzere. Zonsezi amachita popanda malipiro. Ngati muli m'gulu lotere, usiku uno muuzeni zikomo musanazimitse kompyuta.