Michira ya Milalang'amba Pamwamba pa Chaisa

Malaiti akazima m'komboni ya Chaisa usiku wa mu Meyi, utsi wa mbaula utazilala, nyenyezi za gulu la Corvus, kutanthauza khwangwala, zimadutsa pafupifupi paliwombo penipeni. M'gulu limeneli muli milalang'amba iwiri yomwe ikuwombana, NGC 4038 ndi NGC 4039, yotchedwa Antennae. William Herschel anaitulukira mu 1785. Maso paokha saiona, koma kamera yomangirira ku telesikopu imaigwira.

Ndikaona chithunzi cha Antennae, sindiyamba ndi pakati powalapo, pamene pakubadwa nyenyezi zambirimbiri. Pamenepo ngakhale wophunzira amajambula. Ndimafufuza michira iwiri yaitali, yopindika ngati nyanga za chiwala. Mu 1972, Alar Toomre ndi mbale wake Jüri anasonyeza pa kompyuta kuti michirayi ndi nyenyezi ndi mpweya zomwe mphamvu yokoka inazomola pamene milalang'ambayi inkapitirirana. Mbiri yonse ya ngoziyi ili m'michiramo.

Vuto ndi lakuti michirayi ndi yofuwa zedi. Chithunzi chimodzi cha mphindi zisanu chimangodzaza timadontho ngati mchenga. Wojambula amasanjikiza zithunzi mazanamazana, makina akutembenuza telesikopu pang'onopang'ono motsata nyenyezi. Masamu ake sanyengerera: kuti mchengawo uchepe ndi theka, nthawi yojambula iwonjezeke kanayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambiri amagwa pokonza. Pofuna chithunzi chokongola, amadetsa thambo kuti bii, nsonga za michira n'kumira mumdimamo. Ena amathira mitundu mopyola muyeso mpaka nyenyezi zimaoneka ngati maluwa apulasitiki. Mmisiri weniweni amasiya thambo lotuwirako, kuti mchira uzimiririke wokha pamene kuwala kwake kwathera, osati pamene dzanja lake ladula.

Mwana wa m'komboni wopanda telesikopu asadandaule. Kummwera kuli Mitambo ya Magellan, milalang'amba iwiri ing'onoing'ono yomwe ikukokana yokhayokha komanso ndi mlalang'amba wathuwu. Kunja kukadetsetsa imaoneka ngati ufa wotayikira pansalu yakuda. Foni yotsamiritsa pa njerwa, yotsegula diso masekondi 15, ikhoza kugwira waukuluwo. Ayambire pomwepo, ndipo aphunzire msanga kusawonjezera chimene kumwamba sikunamupatse.