Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Pa 18 September 2013, anthu ongodzipereka a bungwe la Greenpeace anayesa kukwera pa nsanja yokumbira mafuta yotchedwa Prirazlomnaya, m'nyanja ya Pechora kumpoto kwa Russia. M'mawa mwake asilikali analanda sitima yawo ya Arctic Sunrise. Anthu 30, awiri mwa iwo atolankhani, anatsekeredwa ku Murmansk naimbidwa mlandu wa uchifwamba wa panyanja. Anakhala m'ndende miyezi iwiri, ndipo mlanduwo unathetsedwa mu December. Popeza nkhaniyi yagonera, tiyeni tiiyese mofatsa: kodi ntchito ya anthu otere ipindulanji, nanga iphonya pati?

Kulimba mtima kwawo sitikukukayika, ndipo chimene amaopa n'choopsadi. Mafuta akatayika m'nyanja ya madzi oundana amalowa pansi pa chipale, kumene makina owawolera safika. Kumeneko nthawi yachisanu dzuwa limatha miyezi osatuluka, ndipo madoko ochokerako thandizo ali kutali. M'chaka cha 1989 sitima ya Exxon Valdez inataya mafuta ku Alaska, ndipo patapita zaka zoposa 20 mafuta ena anali kupezekabe pansi pa miyala ya m'gombe.

Pa za nsomba akunenanso zoona. Ku Newfoundland, m'dziko la Canada, nsomba za mtundu wa cod zinadyetsa mabanja zaka pafupifupi 500. Zitabwera sitima zikuluzikulu zokoka makoka mpaka pansi pa nyanja, asodzi a mabwato aang'ono anayamba kudandaula kuti nsomba zikuchepa, koma akuluakulu sanawamvere. Mu July 1992 boma linatseka usodziwo, ndipo anthu pafupifupi 30,000 anasowa ntchito. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono funso lathu nali: kodi kukwera nsanja kunaletsa kukumba mafuta? Iyayi. Prirazlomnaya inayamba kutulutsa mafuta mu December 2013, mwezi womwewo umene mlandu uja unathetsedwa. Ena amaloza ku Seattle, kumene mu May 2015 anthu mazanamazana anazinga nsanja ya kampani ya Shell ali m'timabwato tawo. N'zoona kuti mu September chaka chomwecho Shell inachoka m'nyanja ya Chukchi itataya madola pafupifupi 7 biliyoni. Koma kampaniyo inanena kuti chitsime chimene inakumba chinalibe mafuta okwanira, komanso mtengo wa mafuta unali utatsika kuchoka pa madola oposa 100 pa mgolo kufika pansi pa 50. Opalasa timabwato anaichititsa manyazi kampaniyo, koma tingakhale tikudzinyenga tikati iwo okha ndiwo anaithamangitsa. Ku Norway nako, Greenpeace ndi bungwe la achinyamata la Natur og Ungdom anasumira boma chifukwa cha ziphaso zokumbira mafuta m'nyanja ya Barents, koma mu December 2020 bwalo lalikulu linagamula mokomera boma.

Kulephera kotere si tchimo. Cholakwa chenicheni chili pena. M'zaka za m'ma 1970 mabungwe angapo, kuphatikizapo Greenpeace, analimbana ndi kusaka nyama ya m'nyanja yotchedwa seal. Zithunzi za tiana ta nyamayi zinaliza anthu ambiri ku Ulaya, ndipo mu 1983 mayiko a kumeneko analetsa kugula zikopa za tianato. Lamulolo silinakhudze zikopa za alenje a mtundu wa Inuit, eni ake a dziko lozizira lija, amenenso sankasaka tiana totere. Komabe ogula sanasiyanitse. Msika wonse unagwa, ndipo mlenje amene ankagula zipolopolo ndi mafuta a injini ndi ndalama za zikopa analephera ngakhale kukasaka ndiwo za ana ake. Anthu okhuta a m'mizinda anaimvera chisoni nyama, koma munthu wokhala nayo pafupi sanamufunse. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo anadya ndi ena. Greenpeace inadzapepesa kwa a Inuit mu 2014, patapita zaka zoposa 30.

Chimene chinatsata kupepesako n'chimene chikutipatsa chiyembekezo. Chaka chomwecho nthambi ya boma la Canada inalola makampani kufufuza mafuta kufupi ndi chilumba cha Baffin, pophulitsa mpweya m'madzi mwa phokoso lotha kugonthetsa ndi kubalalitsa zamoyo za m'nyanja. Anthu a m'kamudzi ka Clyde River, motsogozedwa ndi meya wawo Jerry Natanine, anakana. Ulendo uno Greenpeace inayenda pambuyo pawo, niwathandiza pa mlandu. Mu July 2017 bwalo lalikulu la Canada linafafaniza chilolezocho, pakuti eni dera sanafunsidwe mokwanira.

Tionenso pangano limene linasainidwa ku Ilulissat, ku Greenland, mu October 2018. Mayiko 9 pamodzi ndi bungwe la European Union anagwirizana kusayamba usodzi wa malonda pakati pa nyanja ya Arctic kwa zaka 16, kuyambira mu 2021, kufikira nsomba za kumeneko zitadziwika bwino. Palibe amene anakwera nsanja kuti izi zitheke. Zinatheka ndi makalata, misonkhano yotopetsa, ndi pempho la akatswiri a sayansi oposa 2,000 la mu 2012.

Chotero chigamulo chathu n'chakuti anthu ongodziperekawa ayenera ulemu, pakuti anatsegula maso a dziko lonse. Koma ntchito yooneka bwino pa chithunzi si ndiyo nthawi zonse ibala zipatso. Anapambana pamene anadekha ndi kulola wovutikayo kutsogola, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ifenso, abale, timalowa m'magulu ofuna kukonza zinthu, ndipo mtima wabwino tili nawo. Tisananyamule chikwangwani, tiyambe tadzifunsa: kodi amene adzagone ndi njala chifukwa cha kupambana kwathu ndani, ndipo takhala naye pansi kumva zake?