Nyimbo ya msilikali idabadwira pamtondo

Zimandiwawa ndikamva momwe timaimbira nyimbo zakale za asilikali masiku ano. Pa zochitika za sukulu kuno ku Neno, kaya pa Boma kaya ku Lisungwi, ana amavala kakhi, mfuti zamitengo paphewa, n'kumakuwa nkhope zili gwaa. Aphunzitsi amati onetsani ukali, opereka malikisi nawonso amafuna ukali womwewo. Poti kuno Angoni ndi ambiri, aliyense akamva za nkhondo maganizo amathamangira ku ngoma, zishango ndi zibonga. Ngoma ndi gule wokoma, koma ndi wa amuna odzitama ali kwawo, pamaso pa mfumu yawo. Nyimbo za King's African Rifles zimene zimandigwira mtima ine adapeka ndi munthu wina: mnyamata wongolembedwa kumene usilikali, amene sadaombepo mfuti ndipo usiku tulo sakutiona.

Taganizani za mnyamata wa kumapiri a kwa Dambe m'chaka cha 1940. Watsika mapiri, wawoloka Shire, wafika ku Zomba. Amumeta mpala, amupatsa nambala. M'bandakucha sajeni ali kale pakhomo, ndiye pelete mpaka mapazi atuluke matuza. Sakudziwa kuti sitima idzamutula ku Madagascar mu 1942 kapena kuti adzaponda matope a ku Burma mu 1944. Chimene akudziwa ndi munda wosapalira ndi mkazi wapakati amene wamusiya kumudzi. Kudandaula kwa sajeni n'kudziputira chilango. Chomutsalira ndi nyimbo.

Luso lonse la nyimbo zimenezi lili m'phazi. Mzere uliwonse ndi waufupi, wotha ndi mpweya umodzi wa munthu wosenza katundu. Wotsogolera amaponya mawu phazi likamagunda pansi, gulu n'kuvomera iye akupuma. Mawu ovomerawo sasintha, ndipo sasintha dala, kuti Mtonga kapena Mlomwe amene Chinyanja chikumuvutabe athire nawo mang'ombe tsiku lomwelo. Amene amasintha ndi wotsogolera yekha. Lero atchula kuchepa kwa nsima, mawa atchula kalata yosabwera, mkuja alowetsamo dzina la mudzi wa mnzake amene adamumva akusisima usiku, ndipo mnzakeyo amadziwa kuti gulu lonse lamumva popanda womuloza chala. Koma abale, luso lake! Maimbidwe ndi achisangalalo, mawu ndi owawa. Mzungu woyenda kutsogolo amamva anthu omvera akuponda limodzi, pamene kumbuyo kwake anthu akukhuthula zakukhosi.

Mnyamata uja adaziphunzira kuti? Pamtondo. Adakula akumva amayi ake akusinja chimanga, musi ukugunda, iwo akudandaula za apongozi kapena za mwamuna amene adapita ku Joni n'kutchona. Apongoziwo ali pakhonde pomwepo, koma sangazenge mlandu poti ndi nyimbo chabe. Awiri akamasinja mtondo umodzi, wina amatsitsa musi mnzake akukweza, wina amaponya mawu mnzake n'kuvomera. Ku kampu phazi lidalowa m'malo mwa musi, sajeni m'malo mwa apongozi, zina zonse zidakhala momwemo. Ndipo sizidayambe mu 1940. Pa nkhondo ya Chiwaya, kuyambira 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adagwira utengatenga, kusenza katundu wa nkhondo pamutu. Munthu wotereyo sakadaimba zodzitama. Melvin Page, amene adacheza ndi nkhalamba zotsala za nkhondoyo m'zaka za m'ma 1970, adamva kwambiri za njala, zikoti ndi imfa za panjira.

Makwaya amene amaika nyimbozi m'mawu anayi ndi kiyibodi amazipha, chifukwa mawu akalembedwa papepala wotsogolera alibenso ntchito. Bandi ya malipenga amkuwa ndi ya pa sitediyamu, isiyeni komweko. Beni, mganda ndi malipenga ndimawakhululukira: adatengako yunifomu ndi pelete yokha, komabe phazi adalisunga.

Amene akadali nalo lusoli ndi anyamata ndi atsikana ophunzira usilikali ku Salima akamathamanga mamawa. Mvetserani wotsogolera wawo: mpweya ukumuthera, mawu ndi osasa, koma sataya phazi, ndipo akatopa mnzake amalandira nyimbo osaidula. Mphunzitsi wofuna kuti ana ake aimbe chonchi awalande mfuti zamitengozo. Awasenzetse kathumba ka chimanga, awayendetse chitunda chimodzi cha mapiri athuwa mpaka ayambe wefuwefu, kenako asankhe mwana mmodzi, makamaka wogonera pasukulu amene wapukwa kwawo, amuuze kuti atsogolere ndi mawu akeake.