Mawu Oti "Kapindikidwe" m'Phunziro la Mwala Woponyedwa

Talandira zolemba za aphunzitsi ena a fizikisi amene ayesa kulemba m'Chichewa phunziro la njira imene mwala umatsata ukaponyedwa m'mwamba. Ntchito yawo ndi yotamandika, ndipo ziganizo zawo zambiri zikumveka bwino. Anasankha mwala wa legeni m'malo mwa chipolopolo cha mzinga, ndipo apa anachita mwanzeru popeza mwana aliyense anauonapo. Koma pali mawu amodzi amene asokoneza phunziro lonse.

Alembiwa agwiritsa ntchito mawu oti "kapindikidwe" potchula zinthu ziwiri zosiyana. Poyamba akuti kapindikidwe ka njira ya mwala ndi parabola. Patsogolo pake akulamula wophunzira kuti apeze kapindikidwe ka njirayo pamene mwala wafika pamwamba penipeni. Tsono wophunzira ayankhe chiyani? Ngati wamvetsa Chichewa chake ayankha kuti "parabola", ndipo mphunzitsi amulembera kuti walakwa, chonsecho wolakwa ndi mlembi.

Mayina opangidwa ndi ka- ndi -idwe kapena -edwe amanena za mmene chinthu chimachitikira: kayendedwe, kaphikidwe, kalembedwe. Sanena za kuchuluka. Munthu safunsa kuti kaphikidwe ka nsimayi ndi kangati. Kotero "kapindikidwe" akuyenera pamene tikunena za maonekedwe a njira yonse. Koma funso lachiwiri lija likufuna nambala, yosonyeza kuti njira yapindika kwambiri motani pa malo amodzi okha. Ife tikuona kuti apa payenera mawu oti "mlingo wa kupindika".

Wina anganene kuti uku n'kukangana pa zazing'ono. Tiyeni tione masamu ake. Mlingo wa kupindika timaupeza poyerekeza kachigawo ka njira ndi mkombero umene ungagwirizane nako bwino. Mkombero waung'ono ndiye wopindika kwambiri. Waukulu umaoneka ngati wowongoka. Rediyasi ya mkomberowo, kutanthauza mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete, timaipeza pochulukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo, kenaka n'kugawa ndi gawo la kukoka kwa dziko limene likukoka mwala mopingasa njira yake. Gawo lotsala, lokoka motsata njira, limangosintha liwiro, silipinda kanthu.

Tinene kuti mwala wachoka pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, utapendekeka madigiri 60, ndipo kukoka kwa dziko tikuwerengere ngati 10 m'malo mwa 9.8, osalabadira mphepo. Pochoka, gawo lopingasa ndi theka chabe, ndiye kuti 5. 400 kugawa ndi 5 ikutipatsa rediyasi ya mamita 80. Pamwamba penipeni mwala watsala ndi liwiro la mamita 10 pa sekondi, ndipo kukoka konse kukupingasa njira. 100 kugawa ndi 10 ikutipatsa mamita 10. Njira imodzi yomweyo yapindika kasanu ndi katatu pamwamba kuposa poyambira. Kapindikidwe ndi kamodzi, milingo ndi yambiri. Mawu amodzi sangasenze zonsezi.

Chotidandaulitsa kwambiri n'chakuti alembi eni ake anakodwa mu msampha wa mawu awo. Pofuna kuthandiza wophunzira, akuti njira ya mwala ili ngati chigawo cha mkombero. Mkombero uli ndi mlingo umodzi ponseponse, pamene njira ya mwala siili choncho. Kulakwa kumeneku n'kwakale. M'chaka cha 1537 Niccolò Tartaglia wa ku Italy anajambula njira ya chipolopolo ngati mzere wowongoka, wotsatidwa ndi chigawo cha mkombero, kenaka mzere wina wotsika. Panapita zaka 101 kuti Galileo asindikize, mu 1638, umboni wakuti njirayo ndi parabola. Sikoyenera kuti ana athu abwezedwe kwa Tartaglia kaamba ka mphatikiram'mbuyo.

Pa mneni, alembi akusinthasintha pakati pa "kupindika", "kukhota" ndi "kupotoka", mwina poopa kubwereza mawu monga anatiphunzitsira pa chimangirizo. M'nthano zimenezi n'zokoma. M'sayansi wophunzira amaganiza kuti mawu atsopano ndi chinthu chatsopano. "Kupotoka" achotsedwe, chifukwa amanena za chinthu chopotedwa ngati chingwe. "Kukhota" tinawaganizira nthawi yaitali, pakuti msewu umakhota ndipo pano tikunena za njira. Koma ambiri akamva kukhota amaona chinthu chopatukira kumanja kapena kumanzere, osati chowerama kutsikira pansi. Tikupempha akonzi kuti asunge "kupindika" kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndi kuti funso lija lilembedwenso motere: "Pezani mlingo wa kupindika kwa njira ya mwala pamene wafika pamwamba penipeni."