Zala za Woimba Banjo Zinaphunzira Kuti?

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, pa ukwati wa mwana wa achemwali anga kwathu kwa Nthache, m'boma la Mwanza. Inali nyengo ya manachesi, mphepo ya mu June italowa kale m'mafupa. Anali amuna anayi. Wamkulu pa onsewo, bambo a imvi za apo ndi apo, anafungata banjo yopanga okha: chitini chokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, mtengo wosema ndi kasemasema, nsambo zake zochokera ku waya wa mabuleki a njinga. Pambali pawo mnyamata anakhalira babatoni, botolo lili m'dzanja lamanzere, kamtengo m'dzanja lamanja. Wachitatu anali pa ng'oma yoponda ndi phazi, pamwamba pake atapachika waya wotungidwa zitsekerero za mabotolo. Wachinayi ankangoimba ndi pakamwa.

Anthu anavina mpaka fumbi koboo. Ine maso anga anali pa dzanja lamanzere la bambo a banjo aja. Zala zawo sizinkakanikiza nsambo mwamphamvu monga amachitira woimba gitala. Nthawi zambiri zinkangokhudza pang'ono, kutseka pakamwa nsambo zosafunika, kwinaku chala cha kumanja chikukhwacha zonse pamodzi. Atapuma ndinawayandikira.

"Bambo, kaimbidwe aka munakatenga kuti?"

Anandiuza kuti asanagwirepo banjo anayamba ndi bangwe wa agogo awo. Pamenepo zonse zinamveka. Bangwe wokhwacha amaimbidwa momwemo: dzanja lina limapha nsambo, lina limasesa. Bambowa anasamutsira bangwe pa banjo, ndipo mwina iwo eni sankaona kuti achita chachilendo.

Anzawo aja nawonso aliyense anali ndi kwawo kwa manja ake. Wang'oma anakulira pa bwalo la gule, akumvera momwe ng'oma ya mbalule imalankhulira ndi mapazi a wovina, n'chifukwa chake sankayang'ana anzake koma miyendo ya anthu. Makolo a wababatoni anawoloka malire kuchokera chakwa Zobue pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, ndipo m'banja mwawo munali oimba nyanga, zitoliro zija za Anyungwe a ku Tete zimene munthu aliyense amaliza mawu ake pa mpata umene mnzake wasiya. Babatoni wake ankachita zomwezo, kugwera m'mipata ya banjo. Woimba pakamwa uja anali wa kwaya ya kutchalitchi.

Tikamanena za magulu ngati awa timakonda kuwaika m'thumba limodzi lolembedwa kuti "nyimbo zachikhalidwe", ena n'kuwonjezera kuti ndi anthu osapita kusukulu ya zoimbaimba. Kumeneko n'kulakwitsa kwakukulu. Pansi pa mango paja panali masukulu anayi, ndipo kukoma kwa gululo kunachokera pa kukumana kwa masukuluwo.

Ku America kuli mtundu wa nyimbo wotchedwa bluegrass umene mbiri yake imatiphunzitsa kumvera magulu athu. Zida zake ndi banjo, gitala, mandolini, vayolini ndi besi yaikulu yoimirira, popanda ng'oma kapena magetsi. Dzinali linachokera ku gulu la Bill Monroe lotchedwa Blue Grass Boys. Monroe anabadwa mu 1911 kufupi ndi Rosine, ku Kentucky. Makolo ake atamwalira anakakhala kwa amalume ake, mlongo wa amayi ake, a Pendleton Vandiver, katswiri wa vayolini. Mwana wa Chichewa safunika kumufotokozera udindo wa amalume. Monroe ankatsagana nawo kumagule a m'midzi akuwaimbira gitala, ndipo m'menemo anaphunzira kusunga liwiro loti anthu avinire. Mphunzitsi wake wina anali Arnold Shultz, munthu wakuda woimba gitala ndi vayolini, amene anamulowetsa m'khutu kulira kwa blues. Mawu okwera, osongoka aja anawatenga ku nyimbo za m'tchalitchi.

Komabe Monroe yekha sanakwanitse. Kaimbidwe kamene lero timati bluegrass kanakhwima kumapeto kwa 1945, pamene mnyamata wa ku North Carolina, Earl Scruggs, analowa m'gululo ndi banjo yake. Iye anali atagwirapo ntchito mufakitale ya nsalu, ndipo kwawoko anthu ankatola nsambo ndi zala zitatu m'malo mokhwacha. Scruggs anasalaza njira imeneyi mpaka mawu a banjo ankatuluka motsatizana ngati mvula pa malata. Lester Flatt wa ku Tennessee anabwera ndi gitala ndi mawu ofatsa amene anaziziritsa ukali wa Monroe. Chubby Wise wa ku Florida anali ndi vayolini yoterera, yozolowera nyimbo za swing. Mukachotsapo mmodzi pa anthu awa, nyimbo zimene anajambula mu 1946 ndi 1947 sizingamveke chimodzimodzi. Ndipo tisaiwale kuti banjo yeniyeniyo makolo ake ndi a ku Africa kuno: amene anaipanga ndi akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa, kumene mpaka lero Ajola a ku Senegal ndi Gambia amaimba chida chofanana nayo chotchedwa akonting.

Kwathu kuno banjo inafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali ndi matchona akubwera nayo pamodzi ndi gitala. Amene analibe ndalama yogulira anaisema okha.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha ana a Kachamba a m'mudzi wa Singano, ku Chileka. Daniel anabadwa mu 1947, Donald anali mng'ono wake. Bambo awo, a James Kachamba, ankaimba gitala, ndiye sukulu yoyamba inali pakhonde. Yachiwiri inali m'misewu ya Salisbury, Harare ya lero, kumene banjali linakakhala anyamatawa adakali aang'ono. Kumeneko anamwa kwela ya ku Johannesburg, ya akatswiri a chitoliro monga Spokes Mashiyane. Donald anaphunzira kulowetsa chitolirocho mkati mwa kamwa mopendeketsa, osati kungochigwira ndi milomo, ndipo mawu ake ankatuluka onenepa, okhota ngati a munthu. Daniel ankachotsa nsambo imodzi pa gitala n'kutsala ndi zisanu, chala chachikulu chikuyendetsa besi, chamkombaphala chikuimba nyimbo pamwamba, moti womvera pa wailesi ankayesa kuti ndi anthu awiri. Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, atawapeza ku Blantyre mu 1967, kwela inali itayamba kuzilala ku South Africa komweko. Ana a Kachamba anaisunga, naithira kaimbidwe ka sinjonjo ndi Chichewa cha ku Chileka. Daniel anatisiya mu 1987. Donald anakaphunzitsa kaimbidwe kake pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, namwalira mu 2001.

Alan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, mtsogoleri wa Chimvu River Jazz Band, anali ndi banjo ya mtundu wina. Azungu akamumva amati ndi blues ya ku Mississippi. Ine ndimamva magule a Chilomwe ndi madandaulo a m'midzi ya m'mphepete mwa minda ya tiyi. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu nawo ali ndi kakhwachidwe kawokawo koti simungakasokoneze ndi ka wina.

Tsono ndibwerere pansi pa mango paja, chifukwa si zonse zimene zinandikomera. Woimba wa kwaya uja anali ndi mawu abwino, koma ankafuna kuwongola nyimbo iliyonse kuti ithere mofanana ndi ya m'buku la nyimbo. Banjo ya bangwe ija imazungulira, siifuna kutsekedwa pa mzere wachinayi uliwonse. Kawiri konse ndinamva mawu ndi nsambo zikukokana, wina akufuna kutera pamene mnzake akadali m'mwamba. Kusiyana kochokera sikukoma pakokha. Kumafuna mtsogoleri wa khutu lakuthwa, wodziwa pouza mnzake kuti apa lekera ng'oma, apa lowa ndiwe. Monroe ankadziwika ndi kuuma mtima pa zimenezi, ndipo gulu la kwathuli likusowabe munthu wotero.

Chinandipweteka koposa chinabwera dzuwa litapendeka. Achinyamata anapempha nyimbo ina yotchuka pa wailesi masiku ano, yopangidwa pa kompyuta. Gululo linavomera. Wang'oma anasiya kuyang'ana mapazi n'kuyamba kuponda mofanana ngati wotchi. Wababatoni anasiya mipata yake n'kumagwera pamodzi ndi ng'oma. Bambo aja anangokhwacha makodi atatu, nkhope ili kumbali. Zida zinali zomwezo, anthu omwewo, koma bangwe, mbalule ndi nyanga zonse zinali zitachoka. Sindikudana ndi nyimbo za m'situdiyo. Nkhawa yanga ndi yakuti ana athu onse akamaphunzira pa memori khadi imodzi, tidzakhala ndi magulu a anthu anayi okhala ndi dzanja limodzi. Madalitso Band, ya Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, yafika ku Ulaya ndi babatoni, gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene. Chimene anthu akunjawo amalipirira ndi kaimbidwe koti sangakapeze kwawo.

Za Monroe tikudziwa dzina la amalume ake chifukwa anthu anamufunsa n'kulemba. Za ana a Kachamba tikudziwa chifukwa Kubik ndi Moya Malamusi, mwana wa ku Singano komweko, anakhala pansi n'kujambula. Oimba a kwa Nthache, a kwa Kanduku ndi a ku Neno sanafunsidwe mokwanira, ndipo amene anaphunzira pa bangwe akukalamba. Inu aphunzitsi, inu ogwira ntchito pa mawailesi, ndi inu nonse okhala ndi foni yojambula: gulu la banjo likadzaimba pa ukwati kwanuko, vinani ndithu, koma likapuma pitani kwa woimba aliyense payekha, mumupatse moni mwaulemu, mumufunse amene anamuphunzitsa, ndipo dzina limenelo mulilembe.