Mawu Oti "Ngozi" M'mabuku a Malangizo a Mapaipi a Mafuta

Paipi ya TAZAMA, imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1968, imanyamula mafuta kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, mtunda wa makilomita 1,710. Paipi yotere imachita dzimbiri, imang'aluka, mwinanso kubooledwa ndi akuba. N'chifukwa chake eni mapaipi amalamulidwa kukhala ndi buku la malangizo ndiponso kaundula wolembamo zonse zimene oyendera apeza.

Vuto limabuka pomasulira zolembedwa zotere m'Chichewa. Omasulira ambiri amasenzetsa mawu oti "ngozi" matanthauzo atatu: chinthu chimene chingathe kuvulaza, tsoka limene lagwa kale, ndi tsoka limene linatsala pang'ono kugwa. Woyendera akalemba kuti "pamlatho pali ngozi", wowerenga kaundula sangadziwe ngati mafuta atayika kale kapena chitsulo changoyamba dzimbiri. Choyambacho chifunika kutseka paipi nthawi yomweyo. Chachiwiricho chingathe kudikira amisiri.

Chichewa sichisowa mawu. Dzimbiri ndi "chiopsezo". Mafuta akatayika, kapena moto ukabuka, imeneyo ndiyo "ngozi". Tsoka likalephereka, palembedwe kuti "ngozi yapeweka". Momwemonso "kudontha", "kuchucha" ndi "kukhuthuka" si mawu ofanana. Amasiyanitsa kuchuluka kwa mafuta otayika.

Motero womasulira asankhe mawu amodzi pa tanthauzo limodzi ndi kuwasunga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Kusinthasintha mawu kumakometsa nthano, koma kaundula ndi umboni umene udzawerengedwe m'bwalo la milandu moto utapsereza mudzi.